Chitekwe Sagwidwa ndi Matsenga

Loweruka lililonse masana, Winston Namakhwa ankatuluka m'nyumba mwake ku Mbedza atakwapatira chikwama chakuda cha zipi yakufa, n'kulowera ku Chikamveka. M'chikwamamo munkakhala mulu wa mapepala a fotokope omangidwa ndi chingwe cha nsapato, mapensulo, ndi kachitini momwe munali madayisi, timiyala ta manambala toponya pamasewera. Limodzi mwa madayisiwo linali ndi mbali makumi awiri.

Masewera ake sanali odziwika mu Zomba. Winston ndi anzake anawaphunzira ali achinyamata kwa mphunzitsi wina wachizungu, amene pobwerera kwawo anawasiyira fotokope ya buku la malamulo. Kaseweredwe kake kanali kotere: munthu mmodzi amasimba nthano ndi kuweruza, enawo aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, wolembedwa papepala ndi mphamvu zake ndi zofooka zake. Ukafuna kuti munthu wako awoloke mtsinje kapena abaye chilombo, umaponya dayisi, ndipo woweruza amayang'ana malamulo n'kunena ngati zatheka. Woweruzayo anali Winston kuyambira pachiyambi, chifukwa ndiye ankamva bwino Chingerezi cha m'bukumo. Ndiponso kumasulira inali ntchito yake. Mkati mwa sabata ankaima m'khoti kutembenuza mawu a oimbidwa milandu ndi a mboni, ndipo ankadzitama kuti pa zaka khumi ndi ziwiri sanawonjezerepo liwu kapena kuchotsapo, ngakhale mawuwo akhale opweteka chotani.

Kale ankasewerera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Koma kuyambira mu 2005 masewera anasamukira m'chipinda cha Jimmy Nakoma. Jimmy ankayendetsa lole yotsitsa matabwa a paini kuchokera pamwamba pa phiri. Tsiku lina kukuwaza mvula, mabuleki anakana pakona, lole inagubuduzika, ndipo patatha miyezi inayi Jimmy anatuluka m'chipatala thupi lisakumva kanthu kuyambira m'chiuno kutsika. Mkazi wake Dora anakankhira bedi pafupi ndi windo. Loweruka ankasanjika thabwa lalikulu pa mipando iwiri, lidutse pamwamba pa miyendo ya mwamuna wake, likhale tebulo. Mbali ina kunkakhala Victoria, mphunzitsi wa kupulayimale, mbali inayo Lameck, telala wa mumsika, ndipo Winston kumiyendo kwa bedi.

Kwa maola atatu a masewerawo Jimmy ankabwerera mwakale. Ankakweza mawu, kumenya thabwa ndi chikhatho, kutsutsana ndi Lameck mpaka malovu kuuluka. Munthu wake m'nthano anali Chitekwe, msilikali wa mkondo, amene anali atamusewera zaka zisanu ndi zinayi. Chitekwe anali ndi mphatso imene palibe wina anali nayo.

M'bukumo munali malamulo awiri ofanana ndithu, ndipo Winston ndiye anawapatsa mayina a Chichewa. Munthu wolimba ku matsenga, mfiti ya m'nthano ikamuponyera moto, pamaponyedwa dayisi. Nthawi zina motowo umabwerera, nthawi zina umamuotcha. Munthu wa Lameck anali wotero. Koma munthu wosagwidwa ndi matsenga, dayisi siliponyedwa n'komwe. Matsenga amangotsetsereka pa iye ngati madzi patsamba la chilazi. Chitekwe anali wotero, ndipo Jimmy ankanyadira kwambiri zimenezi.

Masiku ena onse a sabata Jimmy ankakhala m'manja mwa anthu omufunira zabwino. Mayi ake ankabwera kuchokera kumudzi cha ku Jali, ulendo uliwonse ali ndi munthu watsopano. Anabwerapo ndi mneneri wa suti yoyera amene anakuwa kuti "Dzuka uyende!" mpaka ana a m'nyumba zoyandikana anadzaza pawindo. Anabwerapo ndi sing'anga amene anamutemera mphini m'maondo, Jimmy akungoyang'ana magazi akutuluka osamva ululu. Kuchipatala ankamuuza kuti adikire, mitsempha imachedwa kudzuka. Dora m'mawa uliwonse, akamamusambitsa, ankati, "Lero mukuoneka bwino, bambo ake a Peace." Jimmy zonsezi ankazitsutsa mokalipa, ndipo anachita kuthamangitsa mneneri uja pomugenda ndi kapu ya malata.

Loweruka lina mu Juni, kukuzizira koopsa, nkhungu itaphimba phiri lonse, nthano inafika m'phanga la mfumu ya zinkhanira. Jimmy anaponya dayisi kuti Chitekwe azinde mbola. Dayisi linagudubuzika, linagunda kapu ya tiyi, n'kuima pa wani, nambala yoipitsitsa pa zonse.

"Yakubayani pachifuwa," anatero Winston. "Ululu walowa m'magazi. Chitekwe wagwa. Akapanda kuthandizidwa, pomatha maulendo atatu oponya dayisi afa."

"Musadandaule," anatero Victoria akusuntha pepala lake. Munthu wake anali mchiritsi wotchedwa Mwanamvua. "Mwanamvua akuthamanga, akugwada, akumusanjika manja. Matsenga ochiritsa. Ndiponye, a Winston?"

Winston anali atatambasula kale dzanja kuti apereke dayisi pamene Jimmy anayankhula.

"Sizingatheke."

"Chiyani?"

"Chitekwe sagwidwa ndi matsenga. Moto sumugwira, tulo ta mfiti sitimugwira. Ndiye manja a Mwanamvua amugwira bwanji?"

Lameck anaseka. "Inu achimwene, mukudziimba mlandu nokha? Awa ndi matsenga abwino."

"Lamulo linati abwino kapena oipa? Linangoti matsenga."

"Koma zaka zonsezi..." anayamba Victoria.

"Zaka zonsezi sanavulalepo chonchi. Ankamanga mabala ndi nsalu n'kugona. Palibe tsiku limene munamuchiritsapo ndi matsenga, chemwali. Kumbukirani bwino."

Victoria anakumbukira kuti zinalidi choncho. M'chipindamo munangomveka wayilesi ya kwa aneba. Winston anayang'ana Jimmy. Nkhope yake inali itaonda, masaya atalowa, koma maso ali gwa, osaphethira. Winston anamasula chingwe cha nsapato n'kufufuza tsamba la malamulo awiriwo. Analipeza. Pamwamba panali tanthauzo la wolimba, pakati tanthauzo la wosagwidwa, koma mizere ya mmunsi inali bii, makina a fotokope atayidya kalekale. Ankaona mawu oyamba okha a ndime ina, onena za matsenga ochokera kwa bwenzi, kenaka mdima.

"Mlandu uwu ndauimitsa," anatero Winston. "Tidzaupitiriza Loweruka likubwerali. Chitekwe akhale chigonere mpaka ndipeze lamulo."

"Pezani lenileni," anatero Jimmy.

Dora anaperekeza Winston mpaka pa mpope wa madzi, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha mphepo. Anali atamva zonse ali kukhitchini.

"Alamu, musamuphe munthu ameneyo."

"Ndi pepala chabe, alamu. Akafa tipanga wina."

"Si pepala ayi. Inu mumabwera Loweruka lokha. Ine ndimaona Lachiwiri, Lachinayi, akunditumiza kuti ndiwapatse pepalalo, n'kumaliyang'ana tsiku lonse. Chakudya akukana. Sabata yatha anandifunsa kuti mankhwala a makoswe timasunga pati." Dora anapukuta mphuno ndi ngodya ya chitenje. "Ndinakawataya m'chimbudzi. Alamu, mulembe chilichonse. Munene kuti buku likulola. Angadziwe bwanji?"

Winston anangomugwira paphewa n'kumapita.

Buku lenileni, lachikuto cholimba, mzungu uja sanapite nalo. Analisiya kwa a Tobias, amene ankamuphikira m'kanyumba kena pamwamba pa phiri. Lachinayi Winston anapempha kuti asapite kuntchito, ndipo anakwera kumbuyo kwa galimoto yopita kukatenga nkhuni. Msewu unakhotakhota pakati pa mitengo. Anadutsa amayi otsika atasenza mitolo italiitali, anadutsa anyani atakhala pamiyala ngati akudikira basi. Pakona pamene lole ya Jimmy inagwera, zitsulo za m'mbali mwa msewu zinali zopindikabe, ndipo Winston anayang'ana kwina.

A Tobias anali atakalamba. Anawapeza m'dimba mwawo kuseri kwa nyumba akupalira sitiroberi. Anamulandira mokondwa, namufunsa za Jimmy, kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bukulo, litakulungidwa m'thumba la pulasitiki. Linkanunkha chinyontho, koma masamba onse analipo.

Winston anakhala pachitsa n'kuwerenga. Ndimeyo inali yaifupi. Inati munthu wolimba ku matsenga, akafuna, angathe kutsitsa kulimba kwake kuti alandire thandizo la bwenzi. Koma mzere wotsatira unati munthu wosagwidwa ndi matsenga sangathe kutero, ngakhale atafuna, ngakhale ali pafupi kufa, pakuti kusagwidwako si chovala choti n'kuvula koma ndi mmene iye alili.

Anawerenga katatu. Anayang'ana liwu lililonse payekhapayekha, monga ankachitira loya akafuna kumukola m'khoti. Anatsegula kumbuyo kwa buku kuona ngati kusanjika manja kumawerengedwa m'gulu la matsenga kapena la mankhwala wamba. Kunali m'gulu la matsenga. Anafufuza ngati m'phangamo mungapezeke muzu kapena tsamba lothetsa ululu wa chinkhanira, koma buku linati ululu wa mfumu ya zinkhanira umathetsedwa ndi matsenga okha. Dzuwa linasuntha, nkhungu inayamba kukwera kuchokera kudamu, ndipo iye anali akadali pachitsapo.

"Mwapeza chimene mumafuna?" anafunsa a Tobias.

"Ndapeza, bambo."

"Nanga nkhopeyo bwanji ngati mwalandira uthenga wamaliro? Litengeni bukulo. Ine maso anatha, tizilembo timeneti sindingationenso."

Winston anagwira bukulo m'manja kwa kanthawi. Akapita nalo, Jimmy adzafuna kuwerenga yekha. Analikulunganso m'pulasitiki n'kuwabwezera.

"Likhale konkuno. Kwathu kuli chiswe."

Anatsika wapansi, maola awiri. Atafika kunyumba anatenga pepala loyera n'kukopera ndime ija kuchokera m'mutu, mwaukhondo, m'Chingerezi chake chomwe. Pamene panali mawu oti sangathe, analemba kuti angathenso. Mzere wonena za chovala anausiya. Anauza mtima wake kuti ili si khoti, palibe amene walumbira, ndipo masewera anapangidwira anthu.

Loweruka dzuwa linawala. Dora anali atameta Jimmy ndevu ndi kumuveka juzi yabuluu. Thabwa litasanjikidwa, Winston anatulutsa pepala lija.

"Ndinakwera kuphiri kwa a Tobias. Ndaliwerenga buku lenileni. Lamulo likuti wolimba ndi wosagwidwa yemwe angathe kutsitsa chitetezo chawo kuti bwenzi liwathandize. Choncho Chitekwe akavomera, Mwanamvua amuchiritsa."

Lameck anawomba m'manja. Victoria anatenga dayisi akumwetulira. Dora, amene anaima pakhomo ndi ketulo, anatsinzina maso.

"Bukulo mwabwera nalo?" anafunsa Jimmy.

"A Tobias anakana nalo."

"A Tobias? Munthu woti ukamupempha machesi amakupatsa ndi mbaula yomwe?"

"Ndinakopera. Nali pepala."

Jimmy anatenga pepalalo n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Atamaliza analiika pathabwa n'kulisalaza ndi chikhatho.

"Mwalemba bwino. Koma mwasiya mzere wa chovala."

Winston anayang'ana pepala lija.

"Mwaiwala kuti ine ndinkagwira ntchito kuphiri konko," anatero Jimmy motsitsa. "Podikira kuti apakire matabwa ndinkakamwa tiyi kwa a Tobias. Bukulo ndinaliwerenga lonse, kawiri. Tsiku limene munandiuza kuti ndisankhe pakati pa kulimba ndi kusagwidwa, ndinasankha ndikudziwa chimene ndikusankha."

"Ndiye munanditumiranji kuphiri?"

"Sindinakutumeni. Ndinangoti pezani lenileni."

"A Jimmy, ndi masewera awa," anatero Victoria. "A Winston amangofuna kuti..."

"Ndikudziwa chimene amafuna. Aliyense amafuna chomwecho. Mayi anga akufuna chomwecho. Adokotala amati dikira, pamene ine ndinawamva akuuza namwino kuseri kwa katani kuti msana unaduka. Awa," analoza Dora osamuyang'ana, "m'mawa uliwonse amati ndikuoneka bwino, ali kunditsuka zilonda zimene fungo lake ndikulimva ndekha. Sindiwada. Koma m'nyumba muno, sabata yonse, munali maola atatu okha amene ndikaponya wani, munthu ankandiuza kuti ndaponya wani. Ndinkadziwa kuti Winston akati watha, watha ndithu, ndipo akati wapambana, ndapambanadi, si chifundo. Tsopano ndidziwa bwanji? Chaka chathachi chonse, ndi nkhondo zingati zimene munandipatsa chifukwa ndine wopuwala?"

"Palibe ngakhale imodzi," anatero Winston. "Ndikulumbira, achimwene."

"Mukulumbira."

Jimmy ananena zimenezi mopanda ukali, ndipo izi ndi zimene zinamuopsa Winston kwambiri. Akanakonda kugendedwa ndi kapu ya malata.

"Chabwino, ndalakwa," anatero Winston. "Ndiweruze bwino tsopano. Matsenga a Mwanamvua atsetsereka. Maulendo atatu atha. Chitekwe wafa m'phanga, mkondo uli m'manja. Timuike m'manda mwaulemu, kenaka mupange munthu wina. Ndabwera ndi pepala latsopano."

"Mwachedwa nazo. Izinso mukunena chifukwa ndakugwirani." Jimmy anapinda pepala la Chitekwe kanayi n'kulikankhira kumiyendo. "Mayi ake a Peace, chotsani thabwali. Ndatopa."

Anatuluka mmodzimmodzi. Lameck anayesa kunena nthabwala pakhomo, koma palibe anaseka. Dora sanaperekeze aliyense.

Loweruka lotsatira Winston anapitanso. Dora anakumana naye panja n'kunena kuti bambo ake a Peace agona. Windo linali lotsekula, ndipo Winston anamva chifuwa cha Jimmy akutsokomola, koma sanaumirize. Anasiya malalanje n'kubwerera. Sabata inayo analemba kalata yamasamba awiri, yopepesa, yofotokoza nkhondo iliyonse ya chaka chathacho ndi mmene anaiweruzira. Dora anati anaiika pansi pa pilo. Ngati inawerengedwa, sanadziwe. Victoria anapitako yekha ndipo anamulola kulowa. Anati anacheza za nyengo ndi za sukulu ya Peace kwa mphindi khumi, Jimmy akuyankha mwaulemu ngati akuyankha mlendo wa kuboma.

Winston ankayenda nayo nkhaniyo paliponse. Nthawi zina ankadziuza kuti Jimmy anamutchera msampha, ndipo ankapsa mtima. Nthawi zina ankaganiza kuti akanabwera ndi bukulo, n'kuliika pathabwa, n'kuwerenga mokweza ndime yonse, mwina Jimmy akanalira, akanatukwana, kenaka n'kupempha pepala latsopano. Nthawi zinanso ankaganiza kuti Chitekwe akanafa tsiku limenelo, Jimmy akanafunsanso Dora za mankhwala a makoswe aja. Sanathe kudziwa chimene chikanachitika, ndipo panalibe woti amufunse.

Mu Ogasiti mayi ake a Jimmy anamva za mneneri wina wamphamvu kumudzi kwawo, ndipo anati mwana wawo apite akakhale pafupi naye. Dora anayembekezera kuti mwamuna wake akana monga mwa nthawi zonse. Jimmy anangoti, "Chabwino, mayi." Winston anamva mochedwa ndipo anathamanga kuchokera kukhoti, tayi ali pakhosi. Anapeza Jimmy atamugoneka kale pamatiresi kumbuyo kwa galimoto, pakati pa ndowa ndi mitolo ya zovala.

"Achimwene," anatero Winston atagwira chitsulo cha galimoto. "Ndidzabwera kudzakuonani."

"Zikomo kwambiri, a Namakhwa," anatero Jimmy. "Mupereke moni kunyumba."

Chiyambire unyamata wawo, Jimmy anali asanamuitanepo ndi dzina la bambo ake. Galimoto inanyamuka.

Winston anakonza ulendo wa ku Jali kangapo, koma nthawi iliyonse ankapeza chifukwa. Kunali milandu yambiri, kenaka kunatentha, kenaka mvula inayamba. Chimene ankaopa kwenikweni chinali kumvanso ulemu uja. Mu Disembala, Lolemba m'mawa, Lameck anabwera kukhoti kwa Winston, tepi yoyezera idakali pakhosi, n'kumuuza kuti Jimmy wamwalira. Zilonda za kumsana zinalowa m'kati, ndipo pomwe ankaganiza zopita naye kuchipatala n'kuti thupi litatentha kale masiku anayi.

Maliro anachitika mvula ikugwa. Atabwerako kumanda, anthu akusamba m'manja, Dora anaitanitsa Winston kuseri kwa nyumba kumene anakhala pamphasa ndi amayi awiri. Anali atameta, maso atatupa.

"Alamu, ndinakupemphani ndine. Musamadziimbe mlandu nokha."

"Ananenapo chilichonse? Za ine, kapena za masewera?"

Dora anapukusa mutu. "Sankanena kanthu. Mneneri akati imikani manja, ankaimika. Akati nenani kuti ndachira, ankati ndachira. Apongozi akabwera ndi mankhwala a m'botolo, ankamwa osafunsa. Ine ndikati lero mukuoneka bwino, ankati zikomo. Ngakhale zilonda zitayamba kuwotcha, ndikawafunsa kuti mukumva bwanji, ankati bwino. Ndikanadziwa msanga tikanapita kuchipatala. Koma ankangoti bwino." Anatembenuza nkhope. "Miyezi inayi yonse sanatsutsane ndi munthu."

Winston anafuna kunena kanthu, koma mayi wina anabwera kudzatenga Dora kuti akapereke moni kwa abusa. Winston anakhala pamenepo kanthawi, kenaka anakafunafuna Lameck ndi Victoria. Anamva kuti apeza malo m'galimoto ya tchalitchi ndipo anyamuka kale, poganiza kuti iye ali kutsogolo. Anayenda wapansi mpaka pamsewu, matope akumata nsapato. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza, yachiwirinso chimodzimodzi. Anaima pakhonde la golosale yotseka, madzi akudontha kuchokera pamalata n'kumagwera paphewa pake, ndipo sanasunthe.